Kusintha kwa mafupa pa nyamakazi ya bondo yofika patali: mmene mungakudziwire ndi zoyenera kuchita

Nyamakazi ya bondo imene madokotala amaitcha osteoarthritis imayamba mwakachetechete, ndipo anthu ambiri amafika nayo kuchipatala patapita zaka, vuto litachoka kale pa chicherewecherewe chokuta nsonga za mafupa n'kulowa m'fupa lenilenilo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo mwa iwo 365 miliyoni anali nawo m'mawondo. Ambiri mwa odwalawo ndi opitirira zaka 55, ndipo amayi ndi ochuluka kuposa abambo. Malangizo otsatirawa ndi a munthu amene wauzidwa kuchipatala kuti bondo lake latha, kapena amene akusamalira kholo limene lasiya kupita kumunda ndi kumapemphero chifukwa cha mawondo. Chofunika kuchidziwa pachiyambi pomwe n'chakuti fupa limene lasintha maonekedwe silibwerera mwakale ndi mankhwala akumwa, opaka kapena obaya, koma ululu wake umatsatira kwambiri kulemera kumene mukulisenzetsa tsiku ndi tsiku, ndipo kulemera kumeneko mungathe kukuchepetsa.

Mvetsani kaye zimene zachitika m'kati mwa bondo

Pabondo pamakumana mafupa atatu, omwe ndi fupa la ntchafu, fupa lalikulu la msongolo, ndi kafupa kophimba bondo kutsogolo. Nsonga za mafupawa zimakutidwa ndi chicherewecherewe choyera ndi choterera, chija chimaonekanso pansonga ya fupa la nkhuku kapena la mbuzi, ndipo mwa munthu wamkulu chimachindikala mamilimita 2 mpaka 4 m'mbali zambiri za bondo. Chicherewecherewechi chilibe mitsempha ya magazi ndiponso chilibe mitsempha yomva ululu, n'chifukwa chake chimatha kupereseka kwa zaka munthu osamva kanthu, ndipo chikatha sichimeranso. Fupa limene lili pansi pake ndi losiyana kwambiri. Lili ndi magazi, limamva kupweteka, ndipo limadzimanganso moyo wonse wa munthu molingana ndi kulemera kumene likulandira, monga anafotokozera dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, m'chaka cha 1892.

Chicherewecherewe chikachepa, kulemera kwa thupi kumagwera pafupa popanda chofewetsa, ndipo gawo la fupa limene lili pansi penipeni pa chicherewecherewe limakhuthala. Pa X-ray gawoli limaoneka loyera kwambiri kuposa fupa loyandikana nalo, ndipo lipoti la chithunzicho limalemba kuti subchondral sclerosis. Kukhuthalako sikutanthauza kuti fupa lalimba bwino, pakuti fupa lomangidwa mofulumira chotere silikhwima mokwanira ndipo sililandira bwino kugunda kwa phazi pansi munthu akamayenda.

M'mphepete mwa mfundo mumamera timafupa totuluka m'mbali totchedwa osteophytes. Anthu ambiri akationa pachithunzi amakhulupirira kuti ndito tikubaya mnofu, ndipo ena amapempha kuti tingodulidwa. Koma timafupati ndi njira imene thupi limakulitsira malo olandirira kulemera ndi kukhazikitsira mfundo imene yayamba kugwedera, moti kutidula tokha sikuchiritsa bondo. Vuto lake lenileni n'lakuti timachititsa bondo kuoneka lalikulu ndi la mabampu, ndiponso tikakula kumbuyo kapena kutsogolo kwa mfundo timaletsa bondo kupinda ndi kuwongoka mpaka kumapeto. M'kati mwa fupa, pamalo pamene kulemera kukugwera kwambiri, mumapangikanso timabowo todzaza madzi onanda totchedwa subchondral cysts. Timabowoti si khansa ndiponso si mafinya, ngakhale kuti dzina lake pa lipoti limachititsa anthu mantha.

Pamene chicherewecherewe chatheratu, fupa limakwechana ndi fupa linzake mpaka nsonga zonse ziwiri zimasalala ndi kunyezimira monga umachitira mpini wa khasu umene wagwiridwa zaka zambiri. Kukwechanako kukapitirira, fupa lenilenilo limayamba kudyeka, ndipo pamwamba pa fupa la msongolo pamaphwatalala kapena kulowa pansi. Kawirikawiri zimenezi zimachitika mbali ya m'kati mwa bondo, yoyang'anana ndi bondo linzake, chifukwa poyenda mbali imeneyi imasenza pafupifupi magawo 60 mpaka 70 pa 100 alionse a kulemera kodutsa pabondo. Mbaliyo ikatsika, mwendo umakhota n'kukhala wamatewe, ndipo mwendo ukakhota kulemera kochulukirapo kumagweranso mbali yomweyo imene yatha kale. Apa m'pamene pagona kuopsa kwa matendawa akafika patali, popeza kukhota kumawonjezera kudyeka kwa fupa ndipo kudyekako kumawonjezera kukhota. Kwa anthu ena, makamaka amayi, imatha ndi mbali yakunja, ndipo mawondo amapendekera m'kati n'kumagundana. Kwa enanso vuto lalikulu limakhala kuseri kwa kafupa kakutsogolo kaja, ndipo amenewa amamva ululu kwambiri podzuka pampando, pogwada ndi potsika chitunda kusiyana ndi poyenda pamalo athyathyathya.

Dziyezeni nokha musanapite kuchipatala

Imirirani opanda nsapato, miyendo ili poyera kuyambira pantchafu, ndipo pemphani wachibale akuoneni kutsogolo kapena akujambuleni pafoni. Gundanitsani akakolo n'kuona ngati pakati pa mawondo patsala mpata, ndipo ngati ulipo uyezeni ndi tepi n'kulemba. Mukabwereza zimenezi pakatha miyezi 6 mudzadziwa ngati mwendo ukupitiriza kukhota, ndipo umenewu ndi uthenga wothandiza kwa dokotala kuposa kungonena kuti bondo likupweteka. Kenako gonani chagada pamphasa n'kuyesa kukanikiza kuseri kwa bondo pansi. Ngati chikhatho chikulowa mosavuta pakati pa bondo ndi mphasa, ndiye kuti bondolo lasiya kuwongoka mokwanira. Chizindikiro chimenechi anthu amachinyalanyaza, chikhalirecho bondo losawongoka limatopetsa minofu ya ntchafu nthawi yonse imene munthu waimirira.

Ikani dzanja pabondo pamene mukulipinda ndi kuliwongola. Kulira kwa apo ndi apo kopanda ululu kumachitika ngakhale m'mawondo abwinobwino, koma kukhukhuza kwakuya kumene kukumveka m'dzanja ulendo uliwonse, limodzi ndi ululu, kumasonyeza kuti mafupa akukhudzana. Poyenda, wachibale uja aone ngati bondo likukankhikira kunja nthawi imene phazi laponda pansi. Lembaninso mtunda umene mumayenda musanaime chifukwa cha ululu, ndiponso ngati ululuwo umakudzutsani usiku. Kuuma kwa bondo m'mawa pa matenda amenewa kumatha mphindi 30 zisanakwane munthu akayamba kuyendayenda.

Pali zizindikiro zina zimene siziyenera kutengedwa ngati nyamakazi yomweyi. Bondo limene latupa, latentha ndi kufiira m'tsiku limodzi kapena awiri, makamaka thupi likutenthanso, likhoza kukhala ndi mafinya m'kati, ndipo liyenera kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo popanda kuyamba kulithowa kapena kulisisita. Kutupa kwa pang'onopang'ono kwa miyezi, kotsagana ndi kuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, kumafuna kuyeza TB, chifukwa TB imagwiranso mafupa ndi mfundo, makamaka kwa anthu amene ali ndi HIV. Ngati mfundo zing'onozing'ono za manja onse awiri zatupa ndipo kuuma kwa m'mawa kukupitirira ola, umenewo ukhoza kukhala mtundu wina wa nyamakazi umene uli ndi mankhwala akeake. Ululu waukulu woyamba mwadzidzidzi mbali ya m'kati mwa bondo popanda kugwa, makamaka kwa mayi wachikulire, ukhoza kukhala mng'alu wa fupa lofooka pansi pa chicherewecherewe, ndipo poyamba suoneka pa X-ray. Munthu wotere asiye kuponda mwamphamvu mwendowo mpaka ataonedwa. Kutupa kwa katumba kwadzidzidzi nakonso n'kofunika kuthamanga nako, chifukwa kukhoza kuchokera ku thumba la madzi la kuseri kwa bondo limene laphulika kapena ku magazi oundana mumtsempha.

Jambulitsani X-ray mutaimirira

Si bondo lililonse limene limafuna X-ray. Malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE la ku Britain a m'chaka cha 2022 amati munthu wa zaka 45 kapena kuposerapo, amene bondo limamupweteka akamaligwiritsa ntchito ndipo siliuma kupitirira mphindi 30 m'mawa, akhoza kuzindikiridwa kuti ali ndi matendawa popanda kujambula. Chithunzi chimafunika pamene mwendo wayamba kukhota, pamene zizindikiro zasintha mwadzidzidzi, kapena pamene nkhani ya opaleshoni yayambika.

Ikafika nthawi imeneyo, pemphani kuti chithunzi chakutsogolo chijambulidwe mutaimirira, thupi lonse litatsamira pamiyendo. Chicherewecherewe sichioneka pa X-ray, choncho chimene dokotala amayeza ndi mpata wakuda wa pakati pa mafupa. Munthu akagona pabedi mafupa amatalikirana ndipo mpatawo umaoneka ngati ulipo, koma akaimirira mafupa amakhudzana n'kuonetsa zoona zake. Kumene n'kotheka, chithunzi chojambulidwa mawondo atapinda pang'ono chimaonetsa kutha kwa kumbuyo kwa mfundo kumene chithunzi cha mwendo wowongoka chimabisa. Pafunikanso chithunzi cha m'mbali ndi china choonetsa kuseri kwa kafupa kakutsogolo. Dokotala wosamala amayezanso mfundo ya m'chiuno, chifukwa nyamakazi ya m'chiuno nthawi zina imamvekera pabondo.

Malipoti ambiri amagwiritsa ntchito muyezo umene madokotala Kellgren ndi Lawrence anafalitsa ku Britain m'chaka cha 1957, woyambira pa 0 kufika pa 4. Pa giredi 2 timafupa ta m'mphepete timaoneka bwinobwino koma mpata umakhala usanachepe kwenikweni. Pa giredi 3 mpata wachepa moonekeratu, fupa layamba kukhuthala, ndipo nsonga zake zikhoza kukhala zitayamba kusintha. Giredi 4 ndiyo nyamakazi yofika patali, pamene timafupa ta m'mphepete takula, mpata watsala pang'ono kapena watheratu, fupa lakhuthala kwambiri ndipo nsonga zake zapunduka moonekeratu. Madokotala a opaleshoni amakondanso muyezo wa Ahlbäck wa ku Sweden wa m'chaka cha 1968, umene umayang'ana kuchuluka kwa fupa limene ladyeka: kuchepera mamilimita 5, pakati pa 5 ndi 10, kapena kuposa 10. Funsani kuti yatha ndi mbali iti, ngati fupa layamba kudyeka, ndiponso kuti mwendo wakhota bwanji, pakuti mayankho a mafunso amenewa ndiwo amasankha chithandizo.

Komabe musalole chithunzi kukulamulirani moyo. Ndi zodziwika bwino kuti kuopsa kwa X-ray sikuyenda limodzi nthawi zonse ndi kukula kwa ululu, moti alipo agogo a giredi 4 amene amayenda kukafika kumsika, ndipo alipo anthu a giredi 2 amene sagona tulo. Chifukwa chimodzi n'chakuti ululu umachokeranso kuzinthu zimene X-ray siionetsa, monga kutupa kwa kansalu kokuta mfundo m'kati ndi mabala a m'kati mwa fupa amene amaoneka pa MRI yokha (makina ojambula amene amaonetsa minofu ndi m'kati mwa fupa), amene amakula ndi kuchepa malinga ndi kulemera kumene fupa likulandira. Kwa anthu ambiri MRI siisintha chithandizo, ndipo ndalama zake zingagwire ntchito yabwino kwina.

Chepetsani kulemera kumene fupa likusenza

Poyenda pamalo athyathyathya bondo limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu, ndipo potsika masitepe mphamvuyo imakwera kuposa pamenepo. Kafukufuku wa Stephen Messier ndi anzake ku America, wofalitsidwa m'chaka cha 2005, anapeza kuti kilogalamu imodzi imene munthu wonenepa wataya imachotsa pafupifupi makilogalamu 4 pabondo phazi lililonse limene waponda. Kafukufuku wina wa gulu lomwelo wa m'chaka cha 2013 anaonetsa kuti kuchepetsa thupi ndi gawo limodzi mwa magawo 10, pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi, kumachepetsa ululu moonekeratu. Kwa munthu wa makilogalamu 90 zimenezi zikutanthauza makilogalamu 9, ndipo njira yake ndi kuchepetsa mitanda ya nsima, shuga wa mu tiyi, zakumwa zotsekemera, mowa ndi zokazinga, n'kuchulukitsa ndiwo zamasamba, nyemba ndi usipa. Amene ndi woonda kale asadzivutitse ndi zimenezi, chifukwa iye akufunika chakudya chomanga minofu.

Masamu omwewo amagwiranso ntchito pa katundu wosenza. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo mawondo amailandira mochulukitsa ulendo wonse wochokera kumjigo. Ntchito yotunga madzi, yosenza nkhuni ndi yonyamula matumba a chimanga iperekedwe kwa ena, kapena igawidwe m'maulendo ang'onoang'ono pogwiritsa ntchito wilibala kapena njinga.

Ndodo ndi chida chimene anthu ambiri amachikana chifukwa cha manyazi, chonsecho chimathandiza kuposa mapiritsi ambiri. Igwireni ndi dzanja la mbali imene bondo lake lili bwino, osati la mbali yodwala, ndipo ndodoyo itsike pansi nthawi imodzi ndi phazi la mwendo wodwala. Kutalika kwake kufike pamfundo ya dzanja pamene mwaimirira mikono itatsika, ndipo kunsonga kwake kuikidwe labala kuti isaterereke pasimenti kapena pamatope. Pokwera masitepe kapena minibasi tsogozani mwendo wabwino, ndipo potsika tsogozani wodwala.

Kunjuta ndi kugwada kumapanikiza kwambiri mafupa amene akukhudzana kale, ndipo m'makomo ambiri ntchito zimachitikira pansi. Kwezani mbaula pamalo okwera kuti muziphika mutakhala pampando, chapirani patebulo, sesani ndi tsache lalitali, ndipo pachimbudzi chokumba ikanipo mpando wolimba woboola pakati ndi chogwirira pakhoma. Mpando wokhalapo ukhale wautali moti chiuno chisatsike kuposa mawondo. Kugwada popereka ulemu kapena popemphera kungalowedwe m'malo ndi kuwerama kapena kukhala pansi pampando, ndipo achibale ayenera kumvetsa kuti kumeneku si kupanda mwambo. Nsapato zikhale zafulati, zofewa pansi ndi zogwira phazi bwino. Chomangira bondo chansalu chimapatsa ena chilimbikitso poyenda, koma sichiwongola fupa limene lakhota.

Limbitsani minofu ngakhale mafupa akukhudzana

Maganizo akuti bondo lotha liyenera kupumitsidwa kotheratu ndi olakwika ndipo amawononga anthu ambiri. Munthu akasiya kuyenda minofu ya ntchafu imafota m'masabata ochepa, ndipo minofu imeneyi ndiyo imalandira gawo la kugunda kumene kukanafika pafupa. Ngati kuchipatala cha boma lanu kuli a mafizo, pemphani kuti akuoneni ndi kukuphunzitsani. Apo ayi, yambani ndi zotsatirazi.

Khalani pamphasa mwendo utatambasuka, ikani chitenje chopindapinda kuseri kwa bondo, ndipo chikanikizeni pansi polimbitsa ntchafu kwa masekondi 5 mpaka 10, kokwana ka 10. Kenako gonani chagada, pindani bondo linalo, ndipo kwezani mwendo wodwalawo uli chiwongokere mpaka ufanane ndi ntchafu inayo, n'kuutsitsa pang'onopang'ono. Zikayamba kuphweka, onjezerani kudzuka ndi kukhala pampando wautali ka 10, poyamba mothandizidwa ndi manja, kenako popanda manja. Gonaninso chammbali n'kumakweza mwendo wapamwamba kuti minofu ya m'mbali mwa chiuno ilimbe, popeza imathandiza kuti mwendo uziponda mowongoka. Kwa bondo limene lasiya kuwongoka, ikani chidendene pa bulangeti lopinda n'kulilekerera bondolo kuti lizitsika lokha kwa mphindi 5 mpaka 10 tsiku lililonse, ndipo musamagone ndi pilo kuseri kwa bondo, ngakhale kuti kutero kumamveka bwino, chifukwa kumalimbikitsa kupindikako.

Kupalasa njinga pamsewu wopanda zitunda, chishalo chitakwezedwa mokwanira, kumayendetsa mfundo popanda kuigunditsa. Kuyenda kugawidwe m'maulendo afupiafupi m'malo mwa ulendo umodzi wautali. Ululu wochepa pochita masewerawa ndi wovomerezeka malinga ngati ukubwerera pamene unali pasanathe maola 24. Ngati bondo latupa kapena ululu wapitirira mpaka tsiku lotsatira, chepetsani koma musasiye. Phindu lake limayamba kuoneka pakatha masabata 6 mpaka 12, ndipo limazilala munthu akaleka.

Samalani ndi mankhwala

Palibe piritsi, jakisoni kapena mankhwala azitsamba amene asonyezedwa kuti amameretsa chicherewecherewe kapena kubweza fupa limene ladyeka, ndipo aliyense wolonjeza zimenezi akufuna ndalama zanu. Ntchito ya mankhwala ndi kuchepetsa ululu kuti muthe kuyenda ndi kulimbitsa minofu. Pabondo ndi bwino kuyamba ndi mankhwala opaka monga diclofenac gel, chifukwa ochepa okha ndiwo amalowa m'magazi. Panado ndi wofatsa m'mimba koma pa matenda amenewa amathandiza pang'ono. Mapiritsi monga Brufen, diclofenac ndi Indocid amachepetsa ululu kwambiri, koma akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amayambitsa zilonda za m'mimba, amawononga impso ndiponso amakweza kuthamanga kwa magazi. Amwedwe pamlingo wochepa, kwa masiku owerengeka, mutadya, osaphatikiza mitundu iwiri nthawi imodzi, ndipo nthawi zambiri dokotala amawonjezerapo omeprazole woteteza m'mimba. Amene ali ndi matenda a impso, a mtima, a shuga kapena zilonda za m'mimba afunse kaye kuchipatala. Chimodzimodzinso amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, amene ali m'mapiritsi omwe anthu ambiri amalandira m'Malawi, chifukwa tenofovir akakumana ndi mapiritsi ochepetsa ululuwa amalemetsa impso.

Pewani mapiritsi a prednisolone kapena dexamethasone ogula pamsika. Amachotsa ululu mofulumira, koma akamwedwa nthawi yaitali amafooketsa mafupa, amakweza shuga ndipo akhoza kupha mutu wa fupa la m'chiuno. Jakisoni wa steroid (mankhwala ochepetsa kutupa a gulu lomweli) wobayidwa m'kati mwa bondo ndi wodziwa ntchito amapereka mpumulo wa masabata ochepa ndipo ali ndi malo ake pamene bondo latupa kwambiri, koma asasanduke chizolowezi: kafukufuku wa ku Boston wa m'chaka cha 2017, wa anthu 140, anapeza kuti amene ankabayidwa miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri anataya chicherewecherewe chochuluka kuposa amene ankabayidwa madzi amchere, ndipo ululu wawo sunasiyane. Kutemera mphini pabondo lotupa kumatsegula njira ya tizilombo pafupi ndi mfundo, ndipo zipsera kapena zilonda zake zikhoza kudzasokoneza opaleshoni m'tsogolo. Kuthowa ndi nsalu yofunda kumathandiza kuuma, ndipo nsalu yozizira imathandiza kutupa.

Dziwani nthawi yokambirana za opaleshoni

Opaleshoni imaganiziridwa pamene ululu ukusokoneza tulo ndi ntchito za tsiku ndi tsiku ngakhale mwatsatira zonsezi kwa miyezi ingapo, kapena pamene mwendo ukukhota mofulumira ndipo bondo layamba kugwedera. M'Malawi khomo loyamba ndi chipatala chachikulu cha m'boma lanu, kumene kuli ma orthopaedic clinical officer, gulu la ogwira ntchito za mafupa limene linayamba kuphunzitsidwa m'chaka cha 1985. Iwo angakutumizeni kwa madokotala a opaleshoni ya mafupa m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery imene ili pa Kamuzu Central Hospital. Tengani zithunzi zonse zakale, buku lanu lakuchipatala ndi zimene mwakhala mukulemba za kukhota ndi mtunda woyenda.

Opaleshoni yongotsuka m'kati mwa bondo ndi kakamera siithandiza pa matenda amenewa; kafukufuku wa ku Houston wa m'chaka cha 2002, wa anthu 180, anapeza kuti amene anatsukidwa sanapeze bwino kuposa amene anangochekedwa pakhungu. Imakhala ndi phindu makamaka pamene kachidutswa koduka kakutsekereza bondo kuti lisapinde kapena kuwongoka. Kwa munthu amene sanakalambe, amene yatha ndi mbali imodzi yokha ndipo bondo likupindabe bwino, dokotala akhoza kudula fupa la msongolo chakumtunda n'kuliwongola kuti kulemera kusamukire mbali imene ikadali yabwino. Ena amaikidwa chitsulo mbali imodzi yokhayo. Pamene mbali zingapo zatha ndipo fupa ladyeka, chithandizo ndi kusintha bondo lonse: dokotala amasenga nsonga zowonongeka, amachotsa timafupa ta m'mphepete, amawongola mwendo, n'kuvundikira nsongazo ndi zitsulo zokhala ndi pulasitiki yolimba pakati. Kuunika kwakukulu kofalitsidwa mu magazini ya The Lancet m'chaka cha 2019 kunapeza kuti mawondo otere pafupifupi 82 pa 100 alionse amakhala akugwirabe ntchito pakatha zaka 25. Komabe pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu amatsala ndi ululu wina, ndipo mmodzi kapena awiri pa 100 amalowedwa tizilombo, vuto limene ndi lovuta kulichiza.

Kuthamangira opaleshoni chifukwa cha chithunzi chokha n'kulakwa, koma kudikira mpaka fupa litadyeka kwambiri, bondo litauma lili chipindire ndiponso minofu itafota kumapangitsa opaleshoniyo kukhala yovuta, chifukwa pamafunika zitsulo zowonjezera zodzazira pamene fupa latha, ndipo kuchira kumachedwa. Mukagwirizana za tsiku, konzani shuga ndi kuthamanga kwa magazi, siyani fodya, chiritsani mano obooka ndi zilonda zonse zapakhungu, ndipo ngati muli pa ma ARV onetsetsani kuti tizilombo tatsika m'magazi. Musabayitse steroid m'bondolo m'miyezi itatu yomaliza opaleshoni isanachitike, chifukwa kumawonjezera mwayi wa tizilombo. Pitirizani masewera a ntchafu mpaka tsikulo. Odwala ambiri amayamba kuponda ndi ndodo pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mafizo amapitirira kwa miyezi ingapo. Bondo loikidwa limapinda mokwanira kukhala pampando ndi kukwera masitepe, koma ambiri sanjuta nalo mpaka pansi ndipo kugwada kumawavuta, choncho bedi lokwera, mpando wautali ndi chimbudzi chokhalira zikonzedwe kunyumba musanagonekedwe m'chipatala.